Chinangwa Chodikira Alendo

Dokotala Idesi Longwe anafika pa loji ya ku Chintheche ndi chinthu chimodzi chokha m'mutu: ng'anjo yake ilowe pa mndandanda.

Mndandandawo unali wa zinthu zisanu zokha. Sukulu ya uinjiniya imene Idesi ankaphunzitsako inanyamula akuluakulu ake onse pa basi, ulendo wa tsiku lathunthu, kudzakhala sabata yonse ku Chintheche kuti agwirizane za kafukufuku amene sukulu idzaikepo mtima zaka zisanu zikubwerazo. Musandifunse chifukwa chimene nkhani yotere sanaikambire kusukulu komweko, kumene mipando ndi yambirimbiri. Ati nzeru za anthu ophunzira zimatseguka bwino pakakhala kamphepo ka kunyanja ndi nsomba yokazinga masana. Koma nkhaniyo payokha sinali yoseketsa. Chimene chalowa pa zisanuzo chimapatsidwa zitsulo, amisiri a m'shedi ya sukulu ndi ophunzira oti athandize. Chimene chatsala kunja chimangofa chokha, popanda wochilira.

Ng'anjoyo sinali ya njerwa monga dzinalo likumvekera. Dzinalo anaipatsa ndi amayi a kwawo kwa Idesi, kamudzi ka kufupi ndi Bandawe, mtunda woti wa njinga yamoto amafika tiyi asanazizire. Kumeneko chakudya ndi kondowole, nsima ya chinangwa. Chinangwa chowawa amachisenda, kuchiviika m'madzi masiku anayi kuti ululu uchoke, kuchivuula, kuchisinja, n'kuchiyanika pathandala. M'chilimwe zonse zimayenda. Koma mvula ikayamba, ndipo mvula ya ku Nkhata Bay siidziwa kuleza, chinangwa chimatha sabata pathandala osauma. Chimada, chimachita chuku, ana n'kumadya kondowole wakuda wonunkha ngati nsanza yonyowa. Idesi anakula akudya wotereyo, ndipo sanaiwale.

Zaka zitatu, tchuthi chilichonse, iye ndi amayi khumi ndi awiri a gulu la azakhali ake, a Bessie, anakhala akulimbana ndi bokosi lalikulu la malata: m'kati mathireyi a waya, pansi moto wa mankhusu a mpunga a ku Limphasa, pambali fani yoyendera sola. Linkaumitsa chinangwa tsiku limodzi, kaya kunja kukugwa mvula yotani. Vuto linatsala limodzi. Mathireyi apansi ankapsereza pamene apamwamba akadali a chinyezi, moti amayi ankachita kuwasinthanitsa ndi manja, n'kumapsa zala. Pankafunika mapaipi atsopano opindidwa bwino, ndipo makina opindira anali ku shedi ya sukulu kokha.

Pa pulogilamu panalembedwa bwinobwino: Lachitatu, 2 koloko masana, kukaona ng'anjo. Idesi anawerenga masiku chobwerera m'mbuyo. Anaimbira azakhali ake kuti aviike Loweruka, chokwana kudzaza mathireyi onse, kuti alendo adzaone ndi maso awo chikuvuulidwa, chikusinjidwa, chikulowa m'ng'anjo. Ndiyeno Lachinayi iye adzachiike patebulo la msonkhano chili gwa, choyera ngati laimu, aone amene adzatsutse. Mayi aliyense anakumba m'munda mwake. Chinadzaza migolo isanu ndi itatu.

Zinthu zinayamba kupotoka Lolemba lomwelo. Mlendo wolemekezeka wochokera ku Lilongwe, amene ankayenera kutsegula msonkhano m'mawa, anafika Lachiwiri chakumasana. Nanga msonkhano wosatsegulidwa ungayambe? Anthu anangokhala, kumwa tiyi, kumadziwana, ngakhale ambiri a iwo maofesi awo ndi oyang'anizana zitseko. Mlendo atafika anayankhula ola ndi theka, anajambulitsa, anadya, n'kumapita. Za Lolemba zinagwera Lachiwiri, za Lachiwiri zinagwera Lachitatu.

Lachitatu pa tiyi wa 10 koloko, Idesi anapeza mkulu wa sukulu, a Pulofesa Makwinja, akusankha samusa. A Pulofesa anali munthu wabwino, ndipo apo ndiye panali vuto. Chibadwire sanauzepo munthu kuti ayi. Ankangoti "tiona" akumwetulira, mpaka wopemphayo kumera imvi.

"A Pulofesa, basi inyamuka nthawi yanji masanawa?"

"Aaa, a Dokotala, mwaona nokha mmene tatsalira. Mlendo wathu wa ku Ulaya sanayankhule, a kampani sanayankhule. Tiyeni tikaone mawa."

"Chinangwa chili m'madzi, a Pulofesa. Lero ndi tsiku lake."

"Chili m'madzi? Ndiye chili pabwino, sichithawa," anatero, n'kuseka okha. Anali mwana wa m'tauni, chinangwa chimene ankachidziwa ndi chophika cha pamsika.

Idesi anazungulira kuseri kwa khitchini n'kuimba foni. Ankayankhula Chitonga, monga amachitira ndi azakhali ake nthawi zonse.

"Azakhali, alendo asintha. Abwera mawa."

"Mawa? Idesi, chinangwa chafewa kale. Ndachitsina m'mawa, chikungonyenyeka. Kuno kukutentha, ukudziwa."

"Tsiku limodzi lokha. Musinthe madzi."

"Chabwino. Wapita kusukulu ndiwe, ife timvera."

Mawu amenewo anamubaya, chifukwa pa nkhani ya chinangwa sukulu inalibe chomuuza. Iye anayamba kuvuula chinangwa asanadziwe kulemba dzina lake. Ankadziwa bwino lomwe chimene chimachitika m'mgolo tsiku lachisanu, ndi lachisanu ndi chimodzi. Komabe anabwerera m'chipinda cha msonkhano n'kukhala pampando wake.

Masana ake anayankhula Dokotala Vanessa, mzungu wochokera ku yunivesite ina ya ku Ulaya imene inkafuna kupalana ubwenzi ndi sukuluyo. Mayi waulemu ndithu, wodziwa kale kunena "zikomo" ndi "ndakhuta". Koma ubwenzi wa kwawo unali ndi zake zoti zilowemo zivute zitani: makina azikhala ndi tizipangizo toyeza kutentha ndi chinyezi, manambala azipita okha pa kompyuta, ophunzira a kwawo azibwera kudzalemba mapepala. Atatha iye anaimirira a Ackson Gondwe a kampani yopanga sitachi kuchokera ku chinangwa, amene anati mafakitale atopa ndi kafukufuku wongothera m'mashelefu. Anthu anaomba m'manja kwambiri, makamaka eni mashelefuwo.

Lachinayi Idesi anapatsidwa mphindi khumi, zimene zinasanduka zisanu chifukwa pulojekita inakana kuyaka. Chinangwa choyera chija patebulo panalibe. Anangoyendetsa foni yake m'manja mwa anthu kuti aone zithunzi.

A Gondwe anakweza dzanja. "A Dokotala, chinangwa choviikacho ife sitigula, chimanunkha. Ife timafuna chongokumbidwa kumene, chopalidwa tsiku lomwelo. Makina anuwo angaumitse matani angati pa sabata?"

"Si a matani, bambo Gondwe. Ndi a mabanja khumi ndi awiri. Akayenda bwino, mudzi uliwonse kuyambira kuno mpaka ku Usisya ungakhale ndi ake."

"Ndiye msika wake uli kuti?"

"Msika wake ndi m'mimba mwa ana," anatero Idesi, mawu atakwera kuposa mmene ankafunira.

Ena anaseka, ena anayang'ana pansi. Dokotala Vanessa anafunsa mofatsa ngati pali manambala a kutentha kwa thireyi lililonse, ola ndi ola. Idesi anati amayi amayeza ndi dzanja. Vanessa analemba kanthu m'kabuku kake.

Nanga ulendo wa masana uja? Pepala la mgwirizano wa sukulu ndi yunivesite ya ku Ulaya linafika litasindikizidwa, ndipo linkayenera kusainidwa mitambo isanatseke, kuti zithunzi zituluke bwino. Abale inu! Anthu makumi atatu anaima pakapinga masana onse, wojambula akuti aatali kumbuyo, aafupi kutsogolo, a Gondwe asendere kuno kuti dzina la kampani lioneke.

Zithunzi zili m'kati, Idesi anamunong'oneza Vanessa kuti athawe awiriwiri pa njinga yamoto, ola limodzi akhala atabwerako. Vanessa anavomera, anatenga kale ndi chipewa chake. A Pulofesa anawapeza pageti.

"Mlendo wa sukulu pa njinga yamoto? A Dokotala, mukufuna akagwe, nkhani ikamveke ku Ulaya? Ayi, tipita tonse mwaulemu. Mawa ndithu. Mawa ndiye palibe chotiletsa."

Ulendo uno anaimba ndi a Bessie.

"Idesi, amayi akuti tivuule, tiyatse ng'anjo. Madzi achita thovu. Anzathu Anyamanda akuti chawo achotsa, mlendo si mwana wawo."

Idesi anatseka maso. Akanangoti yatsani, nkhani ikanathera pomwepo, ndipo mabanja khumi ndi awiri akanadya mpaka Khirisimasi. Koma m'maganizo anawaona a Gondwe ataima pa ng'anjo yozizira, akugwiragwira chinangwa chouma kale, n'kumati nanga tidziwa bwanji kuti si dzuwa.

"Azakhali, ndakugwirani mwendo. Akapeza chouma kale sakhulupirira. Mawa masana tili konko, andilonjeza. Akangoona ndi maso awo mapaipi aja tipeza, simudzapsanso zala."

"Akulonjeza," anatero a Bessie. "Yewu," anathokoza mouma. Foni inaduka.

Lachisanu m'mawa kunali kusankha. Kafukufuku aliyense analembedwa pakapepala, timapepalato n'kumatidwa pakhoma, munthu aliyense n'kupatsidwa timadontho titatu tomata toti aike pa zimene wakonda. Mapulofesa a imvi zawo ankakankhana pakhomapo ngati ana a sitandade wani. Za misewu zinadzaza madontho, za magetsi a sola, za migodi, za tindege topanda woyendetsa. Kapepala ka Idesi kanapeza madontho anayi, atatu mwa iwo ake omwe. Kanakhala kachisanu ndi chiwiri.

Dontho lachinayilo linali la Dokotala Vanessa, ndipo anaimirira. Anati makinawo amukondweretsa. Anati akhoza kulowa pa nambala faifi ngati ataphatikizidwa ndi zofuna za a Gondwe, n'kupatsidwa dzina lina lalitali, la makina anzeru okonzera chinangwa cha mafakitale. Kwawo atumiza tizipangizo toyezera. A Gondwe apereka chinangwa cha ku esiteti yawo. Chofunika n'chimodzi chokha: makinawo asamukire ku labu ya sukulu, kumene kuli magetsi ndi intaneti, kwa zaka ziwiri.

Anthu anaomba m'manja. A Pulofesa anamugwira Idesi chanza. "Mwapambana, a Dokotala!"

"Ndapambana chiyani?" Anayamba m'Chingerezi, koma anamaliza m'Chichewa, chifukwa Chingerezi chinamuchepera. "Ng'anjo ija ili ndi eni ake. Mvula yayamba. Mukufuna muichotse pamene ikugwira ntchito, mukaiike m'chipinda cha matailosi, iziumitsa chinangwa choti palibe adye, kuti mwana wa ku Ulaya apeze digiri? Inu simunaione n'komwe! Ili apa, apa pomwepa, masiku asanu mwalephera kukwera basi!"

Vanessa ankayang'ana uku ndi uku kufuna womumasulira, koma aliyense anapeza choti awerenge pa pulogilamu.

A Pulofesa anamutengera pakhonde. Sanakwiye, ndipo zimenezo n'zimene zimapsetsa mtima.

"A Dokotala, ine sindikukukakamizani. Mukakana, ng'anjo ikhala kumudzi, koma pa mndandanda palibe. M'shedi simulowa, mapaipi simupinda, ophunzira sindingakupatseni. Fani ija ikadzafa, yafa. Mukavomera, zaka ziwiri si zambiri. Mudzapanga yabwino koposa, ya manambala omwe, anthu adzamva mpaka kunja. Sankhani nokha."

Chowawa n'chakuti sankanama. Idesi anaima pakhondepo nthawi yaitali, mvula ikuwaza pakapinga. Anaganiza za zaka zitatu zija, za anzake amene ankamutcha injiniya wa kondowole akaganiza kuti sakumva, za dzina lake pa pepala loti lidzawerengedwe kunja. Chimenechonso chinalipo, tisabise. Anadziuza kuti zaka ziwiri si zambiri, anadziuzanso kachiwiri. Analowa n'kusaina. Lole ya sukulu inalembedwa kuti idzabwera Lachitatu likubweralo.

"Ndiye masanawa tikaione, a Pulofesa. Amayi akudikira."

"Aaa, nanga tikaonerenji kumudzi chinthu chimene chikubwera chokha kusukulu? Ndiponso kamsewu kanu kaja n'kamatope, basi ingatitimire. Mlendo wathu sanaone tchalitchi chakale cha ku Bandawe, sitingamubweze osachiona."

Basi inapitadi ku Bandawe. Inadutsa pamphambano ya kwawo kwa Idesi popita, inadutsanso pobwera. Iye sanakwere. Anakhala m'chipinda chake foni ili m'manja, dzina la azakhali ake lili pagalasi, chala chikukana kudina. Chakuma 5 koloko uthenga wa azakhaliwo unalowa: "Basi yanu taiona." Anamva pambuyo pake kuti amayi anali atavala zitenje zofanana kuyambira 12 koloko, atasesa mpaka kumsewu, ndipo basi itaonekera pamphambano ena anayamba kale nthungululu.

Loweruka m'mawa, anzake akukweza matumba a mpunga ndi nsomba zouma m'basi, Idesi anati iye atsala. Anakwera njinga yamoto kupita kumudzi. Fungo linamuchingamira asanatsike. Silinali fungo la chinangwa choviika limene aliyense wa kuno amalidziwa, ena n'kumalisowa akakhala kutali. Linali la chinthu chakufa. Wa njinga uja anakokera malaya pamphuno, anatembenuka osadikira kufunsidwa.

Amayi anali pa mzere, mabeseni pamutu, kuchokera pa migolo kupita kudzenje la kuseri kwa nthochi. Chimene chinali m'mabesenimo sichinalinso chinangwa. Linali phala lotuwa lathovu, ntchentche zikulitsatira. Palibe anamulonjera. Kwa anthu a kuno, amene amalonjera ngakhale munthu amene dzulo anali naye pamlandu, chimenecho si chinthu chaching'ono.

A Bessie anali pa mgolo akutunga ndi chidebe. Anamuyang'ana kuyambira nsapato mpaka kumutu.

"Anyalongwe," anatero. Chibadwire sanamuitanepo choncho, dzina laulemu loitanira munthu wamkulu wosamuzolowera. "Chinangwa chimakhala m'madzi masiku angati?"

"Anayi, azakhali."

"Lero ndi langati?"

"Lachisanu ndi chiwiri."

"Ndimayesa kapena kusukulu anakuphunzitsani zina." Anadzaza beseni. "Senzani."

Idesi anasenza. Suti ya kumsonkhano, nsapato zazitali zikumira m'matope, madzi onunkha akutsikira m'khosi. Anakhuthula, anabwerera, anasenzanso. Ulendo wachitatu anavula nsapato. Ulendo wachinayi Anyamanda, osamuyang'ana, anamuponyera nkhata ya nsanza. Pamenepo ndi pamene misozi inayamba, ndipo analibe dzanja loipukutira.

Migolo itatha, a Bessie anamupatsa sopo ndi madzi, mawu awo atafewa. Ndi mmene alili, amakalipa kamodzi n'kutha.

"Basi, zapita. Usalire, iwe, anthu akukuona. Chinangwa chimamera, si mwana. Munda wanga wa kumtunda ulipo, wa Anyamanda uliponso. Lolemba tikumba, Lachisanu tiyatsa. Alendo akowo kaya abwere kaya asabwere, ng'anjo tili nayo. Chaka chino kondowole wakuda sitidya."

Idesi anaima sopo ali m'manja. Ng'anjo inali apo, pansi pa denga lake laudzu. Amayi anali ataikwecha mpaka malata kung'anima, mankhusu ataunjikidwa pambali, mathireyi onse atatsukidwa.

"Azakhali, tiyeni pambali."

A Bessie anamuyang'ana nkhope, ndipo anadziwa kuti pali china. Sanasunthe.

"Pambali ayi. Sabata yonse ino ndakhala ndikukunenera kwa amayiwa, pakamwa panga patopa. Chimene uli nacho unene wekha, onse ali pano."

Amayi anasiya kutsuka mabeseni. Idesi anafunafuna mawu. Anali nawo ambiri, a sabata yonse: mgwirizano, mndandanda, nambala faifi, zaka ziwiri zokha. Anayesa kuwanena m'Chitonga chamumtima, ndipo palibe limodzi limene akanatha kulitulutsa pamaso pa amayiwo.

"Musakumbe Lolemba," anatero. "Lachitatu kukubwera lole kudzatenga ng'anjo."

"Walamula ndani?" anafunsa Anyamanda.

"Palibe analamula. Ndinasaina ndine."